Anandikana kolabo chifukwa ndinalibe ma subscriber 1,000

Tchanelo changa cha pa YouTube n'chokonza mafoni ndi tizipangizo tina tamagetsi: kusintha batire lotupa, kuchotsa sikirini yosweka osadula tizingwe tam'kati, kuwotcherera polowetsa chaja pakaguluka. Ndinayamba ndi foni imodzi yojambulira, nyale ya patebulo ndi laputopu yakale imene inkazima yokha ndikamaedita vidiyo yaitali. Chaka chitatha ndinali ndi ma subscriber osakwana 300. Mavidiyo ankaoneredwa ndithu, makamaka ndi anthu amene foni yawavuta n'kuyamba kufufuza chochita, koma munthu wotere akathandizika amapita osabweranso.

Aliyense wopereka malangizo a kakulidwe ka tchanelo ankanena chimodzimodzi: pangani makolabo, kutanthauza kupanga vidiyo limodzi ndi mwini tchanelo china. Mfundo yake ndi yomveka. Anthu amene amaonera mnzako amakuona iweyo, amene amaonera iweyo amamuona mnzako, ndipo nonse mumapindula osalipira zotsatsa. Ndiye ndinayamba kufunafuna wopanga naye.

Apa ndi pamene ndinakumana ndi nambala. Pafupifupi uthenga uliwonse wofuna mnzake wa kolabo unkatha ndi mawu ofanana: akhale ndi ma subscriber 1,000 kupita m'mwamba. Ena ankati 500, ena 5,000. Anthu okhala ndi mamiliyoni sindinkawaganizira n'komwe, amenewo ali ndi mamanejala ndi makontrakiti awo. Chimene chinkandiwawa n'chakuti olemba zimenezi anali anzathu omwewa, munthu wa 1,200 kapena 1,500, amene miyezi ingapo m'mbuyomo anali pamene ndinali ine. Ndipo nambala yako sungaibise. Kale YouTube inkalola kubisa chiwerengero cha ma subscriber, koma inathetsa zimenezo mu July 2022. Chinanso, kuyambira mu September 2019 manambala opitirira 1,000 amafupikitsidwa n'kumangooneka ngati 1.2K, pamene ukakhala pansi pa 1,000 nambala yako imaonekera yonse mmene ilili, moti ukataya munthu mmodzi aliyense akhoza kuona.

Ndikanadziwa kale kumene nambala imeneyi inachokera, bwenzi isanandiopseze chonchi. Mu January 2018 YouTube inalengeza kuti tchanelo chofuna kulandira ndalama za malonda chiyenera kukhala ndi ma subscriber 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12 yapitayo. Lamulo lakale, la mu April 2017, linkangofuna ma view 10,000. Kuchokera pamenepo 1,000 inakhazikika m'mitu ya anthu ngati malire pakati pa opanga mavidiyo enieni ndi ongoyesa. Koma lamulo limeneli ndi la pakati pa YouTube ndi mwini tchanelo pa nkhani ya malonda basi. Silinenapo chilichonse za amene angagwire ntchito ndi mnzake. Ndipo mu June 2023 YouTube yomweyo inatsegula khomo lina lotsika: ma subscriber 500, mavidiyo atatu m'masiku 90, ndi maola 3,000 kapena ma view 3 miliyoni a Shorts (mavidiyo aafupiafupi), kuti munthu ayambe kulandira thandizo lochokera kwa omuonera. Eni lamulo anatsitsa, koma ofuna kolabo anatsalira pa 1,000 pomwepo.

Ndinalembera anthu angapo ngakhale sindinkakwana. Ambiri sanayankhe. Mmodzi anayankha mwaulemu kuti, "Achimwene, mavidiyo anu ndi abwino, koma mudzabwere mukafika 1K." Kusayankhidwa ndinkakupirira. Yankho ili ndi limene linandikwiyitsa, chifukwa munthuyo anavomereza kuti ntchito ndi yabwino, n'kundikanabe. Usiku umenewo ndinalemba mawu aatali kwa anzanga opanga mavidiyo kudandaula kuti zimenezi si chilungamo, kuti zikufanana ndi bwana wofuna wantchito wazaka zambiri pantchito koma wosafuna kupatsa aliyense poyambira. Ambiri anagwirizana nane, onse a matchanelo ang'onoang'ono ngati changa. Koma mmodzi amene anali atapitirira 3,000 anangoti, "Aise, tchanelo n'changa, nthawi ndi yanga. Ndilibe nawe ngongole." Ndinakhala nthawi yaitali ndikufuna chomuyankha, osachipeza. Mpaka lero ndilibe, chifukwa ankanena zoona.

Munthu akauzidwa kuti chomutsekereza ndi nambala, amayamba kusaka nambalayo mwanjira iliyonse. Ine ndinalowa m'gulu la zija amati sub4sub: ndikupange subscribe, nawenso undipange. Madzulo onse ndinkatsegula matchanelo a anthu osawadziwa, a masewera, a nyimbo, a zodzoladzola, kudina batani la subscribe n'kutumiza chithunzi chaumboni. M'milungu yochepa nambala yanga inadutsa 700. Ndinkadzuka m'mawa n'kuyamba kuyang'ana nambalayo ndisanachite china chilichonse, mtima uli m'malo kuti 1,000 yayandikira.

Ma view sanasunthe. Chimene chinasuntha ndi CTR, chiwerengero chosonyeza kuti mwa anthu 100 amene aona thumbnail yako, chithunzi chapachikuto cha vidiyo, ndi angati amene adina. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo onse amakhala pakati pa 2% ndi 10%. Ine ndinali kumtunda kwa malire amenewa, chifukwa wofuna kukonza foni akaona chithunzi cha batire lotupa amadina. Pa mavidiyo atsopano ndinatsikira kumunsi. Vidiyo inkafika kwa anthu mazana amene analibe nayo ntchito, iwo n'kuidutsa. Kenaka nambala inayamba kugwa. Ena ankachoka okha akangolandira subscribe yanga, ena YouTube inkawachotsa, pakuti imasesa ma subscriber okayikitsa nthawi ndi nthawi. Pambuyo pake ndinawerenga malamulo ake a fake engagement, oletsa kukweza manambala mwachinyengo, n'kupeza kuti sub4sub yatchulidwamo ndi dzina, ndipo tchanelo chikhoza kulandira chilango kapena kutsekedwa. Changa sichinatsekedwe, koma ndinabwerera cha m'ma 400, ndili ndi anthu ambiri osaonera kalikonse, ndipo miyezi iwiri kapena itatu inapita ndikupanga mavidiyo ochepa kuposa kale.

Zimenezi zinandionetsa chinthu chimene sindinachiganizirepo ndili wokwiya. Ngati ine ndinakweza nambala ndi mazana anayi popanda kupeza woonera weniweni mmodzi, ndiye kuti amene amati "1,000 kupita m'mwamba" sakudziwa chimene akulandira. Wa 1,500 ochokera ku sub4sub amadutsa, wa 300 enieni amabwezedwa. Lamulolo limalanga woona mtima, ndipo limanamizanso mwini wake amene analiika.

Ndili m'kati mosesa zinyalala zanga, mwayi umene ndinkaulakalaka unafika. Bambo wina wa tchanelo choonetsa mafoni atsopano, wokhala ndi ma subscriber pafupifupi 20,000, anayankha uthenga umene ndinali nditauiwala. Anati nthawi zonse amafuna munthu wa 5,000, koma kwa ine aphwanya lamulo. Ganizo lake linali lakuti tigule foni yowonongeka, ine ndiikonze pa kamera, iwo aiyese ngati ikufanana ndi yatsopano. Anawonjezera kuti popeza ndine wamng'ono, kujambula gawo lokonza ndi kuedita vidiyo yonse kukhale kwanga, ndipo vidiyoyo idzaikidwa pa tchanelo chawo. "Linki yanu tidzaiika," anatero. Ndinayankha m'mphindi yomweyo kuti, "Zikomo kwambiri akulu, ndathokoza." Sindinafunse kanthu.

Foni yowonongekayo ndinagula ndine, sikirini ndi batire ndinaitanitsa ndine, ndipo zinatenga milungu kuti zifike. Sikirini yoyamba inabwera yosagwira bwino m'mbali, ndinaitanitsa ina. Mafayilo a gawo lawo anali aakulu kwambiri moti kuwakopera kokha kunandidyera data yambiri. Ndinaedita usiku ndikaweruka kuntchito, laputopu ikuzima, ine n'kuyambiranso. Ndikatumiza, ankabweza: nyimbo isinthe, chiyambi chifupike, gawo lowotcherera latalika anthu atopa. Gawo limenelo ndi limene linkasonyeza luso langa, koma ndinalidula. Nthawi yonseyi tchanelo changa chinali chete kupitirira mwezi, chifukwa munthu mmodzi sangaedite mavidiyo awiri aatali ndi laputopu ngati imene ija. Vidiyo itatha, inakhalanso milungu ingapo osatuluka. Panali foni yatsopano imene inangotuluka kumene, ndipo iwo anaitsogoza. Ndikafunsa ndinkayamba ndi kupepesa, ngati ndine ndawachedwetsa.

Tsiku limene inatuluka ndinaionera manja akunjenjemera. Inayenda bwino, kuposa mavidiyo awo ambiri. M'vidiyomo anati, "mnzathu wina wodziwa kukonza mafoni watithandiza." Dzina la tchanelo changa sanalitchule. Linki inalipo monga analonjezera, koma pansi penipeni pa description, mawu olembedwa pansi pa vidiyo, kumunsi kwa malinki awo ogulira zinthu ndi a masamba awo ena. Kumapeto kwa vidiyo end screen, malo olozera oonera ku mavidiyo ena, inkaloza ku mavidiyo awo awiri. M'makomenti anthu ankafunsa kuti wokonzayo ndi ndani, ndipo ndinkawayankha ndekha mmodzimmodzi, ndikuchita manyazi kuoneka ngati ndikudzitsatsa pakhomo pa eni. Ma subscriber amene ndinapeza sanafike 40.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo zonsezi zinali zodziwika, ine ndekha ndi amene sindinkazidziwa. Maola 4,000 aja amawerengedwa pa mavidiyo a pa tchanelo chako okha. Vidiyo imene wavutika nayo ikakhala kwa mnzako, mphindi iliyonse imene anthu aonera ndi yake. Maola 4,000 ndi mphindi 240,000. Ngati anthu amaonera mphindi zinayi pa vidiyo, pamafunika ma view 60,000, ndiye wamng'ono sangamataye ma view masauzande chisawawa. Ndalama za malonda nazonso, 55% imene YouTube imapereka pa mavidiyo aatali, zimapita kwa amene waika vidiyo. Za description, woonera amangoona mizere yoyambirira, zotsalazo mpaka adine kuti atsegule, ndipo odina ndi ochepa. Malo amene amatumizadi anthu ndi ena: dzina lako kutchulidwa pakamwa m'kati mwa vidiyo, handle yako (dzina la tchanelo loyamba ndi @) pa mutu kapena pa mzere woyamba, komenti yokhomedwa pamwamba, ndi end screen, masekondi 5 mpaka 20 omaliza, pamene mwini vidiyo angathe kuika tchanelo cha munthu wina kapena vidiyo yake. Zonsezi n'zaulere, ndipo sizitenga mphindi zisanu kuziika.

Ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti akhome komenti yanga. Anachita, patatha masiku, ma view atayamba kale kutsika. Koma anawonjezera mawu amene anandikhala: "Achimwene, musaiwale kuti ndakuonetsani kwa anthu 20,000." Ndinapita pa tchanelo chawo n'kuyang'ana mavidiyo khumi omaliza, chinthu chimene ndikanachita tsiku loyamba. Ambiri anali ndi ma view 1,000 kapena 2,000. Anthu 20,000 aja anali atasonkhana zaka zambiri, ena anadina subscribe chifukwa cha foni imene anagula kalekale n'kuiwala. Ma subscriber si oonera. Neal Mohan, amene pano ndi mkulu wa YouTube, ananena mu 2018 kuti nthawi yoposa 70% imene anthu amathera pa YouTube imachokera ku mavidiyo amene makina ake amawasankhira. Kutanthauza kuti vidiyo imayenda chifukwa anthu akuidina ndi kuionera mpaka patali, osati chifukwa cha nambala yolembedwa pansi pa dzina la tchanelo.

Sindikuti bamboyo anali wakuba. Zimene analonjeza anachita. Tinalibe mgwirizano wa dzina, wa tsiku, wa end screen kapena wa ndalama zimene ndinawononga, chifukwa sindinafunse. Koma ndadzifunsa kambirimbiri chifukwa chake sindinafunse, ine amene ndikamakonza foni ya munthu ndimanena mtengo ndisanamasule sikuluu. Yankho ndi mawu aja akuti "ndaphwanya lamulo chifukwa cha inu". Nambala inali itagamula kale kuti wina akuchita chifundo, wina akulandira. Ndipo munthu amene akudziona kuti akuchitiridwa chifundo amaopa kufunsa, poganiza kuti akanenapo kanthu chifundocho chichotsedwa. Kwa ine, kupanda chilungamo kwa malamulo a ma subscriber sikuli pa kukanidwa. Kukanidwa kumapweteka tsiku limodzi. Kuli pamene nambala igwiritsidwa ntchito kuti wamng'ono asenze zonse mwaulere n'kuthokozanso.

Kusiyana kukula pakokha si vuto. Ngati mnzako amabweretsa oonera enieni ochuluka kuposa ako kakhumi, n'zomveka kuti iwe ubweretse ntchito yambiri. Ndingavomerenso lero kuedita vidiyo yonse ya munthu wotere. Koma zinenedwe poyera kuti uku ndi kusinthana, ine ndikupereka ichi, inu mukupereka icho, ndipo icho chitchulidwe bwinobwino. Ena amafika popempha ndalama kuti akutchule. Kumeneko kwasiya kukhala kolabo, ndi kutsatsa malonda, ndipo YouTube imafuna kuti vidiyo yotero ichongedwe kuti muli paid promotion, kutanthauza kutsatsa kolipidwa. Wokupempha ndalama koma wokana kuchonga bokosilo musamudalire.

Kolabo itatha ndinatsala pang'ono kusiya. Milungu ingapo sindinajambule kanthu. Chimene chinandibweza chinali komenti ya mayi wina pa vidiyo yanga yakale, akufunsa chifukwa chake maikolofoni yake imachita phokoso akailumikiza ku foni. Ndinamuyankha, anayesa, zinatheka. Nditapita pa tchanelo chake ndinapeza kuti amaphunzitsa kujambula mavidiyo ndi foni yokha, ndipo anali ndi ma subscriber ochepa kuposa anga, cha m'ma 200. Koma vidiyo yake iliyonse inali ndi ma view oposa nambala imeneyo, ndipo m'makomenti munali anthu omwewo obwerabwera, akufunsa, iye akuwayankha ndi mayina awo. Ankatulutsa vidiyo sabata iliyonse osaphonya.

Ndine amene ndinayambitsa: "Achemwali, bwanji tipange kanthu limodzi?" Nthawi ino ndinalemba zonse tisanayambe, mu uthenga wamba, osati kontrakiti. Mavidiyo akhale awiri, umodzi kwa aliyense. Kwa iye, ine ndifotokoze mavuto amene ojambula ndi foni amakumana nawo, monga foni kutentha, batire kutha msanga ndi polowetsa chaja kukhwepa chifukwa cha zingwe za maikolofoni. Kwa ine, iye andiphunzitse kuunikira tebulo langa kuti tizigawo tating'ono tizioneka. Aliyense aedite yake, koma mnzake aione isanatuluke. Zituluke tsiku limodzi. Aliyense atchule mnzake pakamwa m'mphindi yoyamba, aike handle pa mzere woyamba, ndipo end screen iloze ku vidiyo ya mnzakeyo, osati ku tchanelo chabe. Ndinkaopa kuti aona ngati ndikuvuta. Iye anayankha kuti naye anapsapo, ndipo anawonjezera mfundo imene ine ndinaiiwala, yoti wina akalephera tsiku anene msanga osangokhala chete.

Ma view a vidiyo yake anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a akulu aja, koma anthu amene anabwera kwa ine anali ochuluka kuposa a kolabo yaikulu ija, ndipo anakhala. Chifukwa chake n'chosavuta. Oonera mafoni atsopano amafuna kugula yatsopano, yakale ikawonongeka amaitaya. Oonera mayi uja foni ndi chida chawo chogwirira ntchito, ndipo ikafa ntchito yaima. Anali anthu anga kuyambira kale, kungoti sankandidziwa. Mu YouTube Studio, mmene mwini tchanelo amaonera ziwerengero zake, pa gawo la Audience, muli malo osonyeza matchanelo ena amene oonera ako amakonda. Tchanelo chikakhala chaching'ono kwambiri malowo amakhala opanda kanthu, ndiye umachita kuwerenga makomenti n'kuona wekha ngati anthu a mnzako angakufune. Zimatenga madzulo amodzi. Phindu lina sindinaliyembekezere: kuwala kwa mavidiyo anga kunasintha kuchokera tsiku limenelo, ndipo anthu anayamba kuonera nthawi yaitali chifukwa tsopano ankaona chimene manja anga akuchita.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ang'onoang'ono onse anandisangalatsa, koma sizinatero. Nditasangalala ndi kolabo imeneyo ndinavomera mnyamata wina wa ma subscriber makumi angapo, wachangu, wamauthenga ambiri. Ndinajambula gawo langa, ndinamutumizira. Anati mawa. Kenaka sabata yamawa. Kenaka anasiya kuyankha, ndipo tchanelo chake sichinatulutsenso vidiyo. Wina pambuyo pake anatumiza gawo lake lili ndi mawu osamveka, mphepo yokhayokha, ndipo nditamupempha kuti ajambulenso anakhumudwa. Apa ndinamvetsa anthu aja a "1,000 kupita m'mwamba" mwanjira imene sindikanawamvetsa ndili wokwiya. Ambiri mwa iwo sakudzikweza. Anapsapo ndi anthu oyamba lero n'kusiya mawa, ndipo akufuna chizindikiro choti munthuyu sathawa. Kufika 1,000 moona mtima kumafuna miyezi yambiri yolimbikira, ndiye nambalayo imanenako kanthu. Komanso munthu akamalandira mauthenga ambiri sangaonere mavidiyo a aliyense, pomwe nambala amaiona m'sekondi imodzi.

Ndikuwamvetsa, koma sindikugwirizana nawo. Chimene akufuna kudziwa ndi chakuti munthu ndi wodalirika, mawu ndi zithunzi zake n'zabwino, ndipo oonera ake akugwirizana ndi awo. Zitatu zonsezi zimaoneka pa tsamba la mavidiyo a munthuyo, ndipo palibe chimodzi chimene nambala ya ma subscriber imachitsimikiza. Mnyamata wothawa uja ndikanamuzindikira ndikanaona kuti mavidiyo ake onse anawaika m'sabata imodzi, miyezi iwiri m'mbuyomo. Mayi uja akanakanidwa ndi lamulo lililonse la 500 kapena 1,000, pamene ndi iye amene anali wodalirika kuposa onse amene ndagwira nawo ntchito. YouTube yomwe, pa khomo lake la 500, inaika mavidiyo atatu m'masiku 90. Ngati munthu akufuna lamulo lachidule loika pa uthenga wake, limeneli ndi labwino kuposa la ma subscriber, chifukwa aliyense angalikwaniritse ndi khama lake ndipo silingagulidwe.

Kwa inu amene mukukanidwa pano, musataye nthawi kukangana ndi wokukanani, monga ndinachitira ine usiku uja. Simungamusinthe, ndipo anthu ena amene akanakuvomerani amaona mkanganowo. Mukafuna kulembera munthu amene waika nambala yoposa yanu, lembanibe, koma musayambe ndi kupepesa za nambala. Mauthenga anga oyamba onse ankayamba ndi "ndikudziwa kuti ndine wamng'ono koma", ndipo ndinkadzichotsa ndekha pa mzere woyamba. Amene anayamba kuyankhidwa ndi amene ankanena ganizo la vidiyo lenileni, mutu wake, chimene oonera a munthuyo adzapindule, gawo limene ine ndidzagwire, ndi linki ya vidiyo yanga imodzi yabwino koposa. Ena amakanabe. Ena amaiwala kuti anaika lamulo.

Zida nazo zasintha pang'ono. Instagram inabweretsa Collab mu 2021, imene imaika chithunzi kapena vidiyo imodzi pa masamba a anthu awiri. Mu 2025 YouTube inabweretsanso njira yoti mwini vidiyo aitane anzake a kolabo, mayina awo n'kuoneka pansi pa mutu wa vidiyo ndipo woonera angathe kupanga subscribe kwa aliyense pomwepo. Ikanakhalapo nthawi ya akulu aja, bwenzi nkhani ya linki yobisika kulibe. Koma ndalama zimapitabe kwa amene waika vidiyo, ndiye funso lakuti vidiyo ikhala kwa yani silinathe. Lifunseni tsiku loyamba, musanagule kanthu kapena kujambula sekondi imodzi.

Ndinadutsa 1,000 patapita nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo maola 4,000 anachedwa kuposa pamenepo. Chinandidutsitsa si kolabo imodzi ayi. Inali vidiyo ya batire lotupa imene anthu ankaipeza pofufuza, kuphatikizapo makolabo ang'onoang'ono angapo ndi mayi uja ndi anthu ena amene iye anandidziwitsa. Tsiku limene nambala inasintha n'kukhala 1K mauthenga anayamba kubwera, ena ochokera kwa anthu amene sanandiyankhe kale. Mavidiyo anga anali omwe aja a dzulo lake.

Tsopano ndine amene ndimalandira zopempha, ndipo ndikuvomereza kuti chiyeso choika nambala ndimachimva, makamaka sabata imene ntchito yachuluka. Sindinaike. Munthu akandilembera ndimatsegula tchanelo chake, ndimaona madeti a mavidiyo ake omaliza, ndimamvetsera imodzi ndi mahedifoni, ndi kuwerenga makomenti. Ambiri ndimawakana, ndipo ndimanena chifukwa: nkhani zathu sizikugwirizana, kapena mawu sakumveka, kapena papita miyezi osaika kanthu. Chifukwa chotere munthu angathe kuchikonza mwezi womwewo. Amene ndavomera ndimamupempha kuti atumize gawo lake choyamba, ine ndisanajambule langa, ndipo zimenezi zokha zachotsa othawa onse.

Kolabo imene tikukonza pano ndi ya mtsikana wina wopanga mavidiyo a kasamalidwe ka mabatire a sola, amene sanafike ngakhale ma subscriber 100. Gawo lake anatumiza tsiku limene tinagwirizana lisanakwane. Atandilembera kuti adzaedita mavidiyo onse awiri popeza iye ndi wamng'ono, ndinakana, aliyense aedita yake. Tagwirizana kuti yake idzatuluke ola limodzi yanga isanatuluke, kuti ndikamaika end screen vidiyo yake idzakhale ili kale poyera.